KULEKETSA NDI KUCHOTSA: KALONDOLONDO WA ZINTHU ZOLEKETSEDWA M'MALANGIZO A OLEMBA LINUX

1. Mawu Oyamba

Akatswiri a ziyankhulo adazindikira kale kuti liwu silifa tsiku limodzi. Limayamba lasoŵa pakamwa pa achinyamata, kenaka limatsalira m'miyambi ndi m'nyimbo za akuluakulu, ndipo pomalizira limangopezeka mu mtanthauziramawu. Chovuta n'chakuti ulendo umenewu sitiuwona pamene ukuchitika. Timangopeza mapazi ake. Palibe amene angaloze chaka chimene liwu lakutilakuti lidatchulidwa komaliza, kapena kuŵerenga anthu amene adali kuligwiritsabe ntchito pa nthaŵiyo.

Pali mtundu wina wa zolembedwa umene kusintha kotere kumawonekera poyera. Ameneŵa ndi malemba a mapulogalamu a kompyuta amene eniake amalola munthu aliyense kuŵaŵerenga, kuŵasintha ndi kuŵagaŵira ena. M'malemba otere mzere uliwonse uli ndi tsiku limene udaloŵa, dzina la amene adaulemba, ndi tsiku limene udachotsedwa. Ndiponso magulu olemba mapulogalamuŵa amakhala ndi malangizo a olemba nawo, onena za kalembedwe koyenera ndi kosayenera, monga m'mene bungwe la chiyankhulo limachitira. Motero wofufuza za kusintha kwa chiyankhulo kochita kukonza angapeze kumeneku chitsanzo chimene mbiri yake yonse idasungidwa.

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza m'mene gulu lolemba Linux limalondolera zinthu zimene likufuna kuti zileke kugwiritsidwa ntchito. Tiwona njira ziŵiri zimene zidayesedwa n'kulephera, kenaka njira imene ikutsatidwa kuyambira mu 2018, ndipo tiyerekeza ndi machitidwe a gulu lolemba Python. Mfundo yathu ndi yakuti mndandanda wa zinthu zotere umapindula pokhapokha ukatchula chifukwa chake, ukaloza choloŵa m'malo, ndiponso ukakhala ndi chida chokumbutsa wolemba pa nthaŵi imene akulemba. Kulengeza tsiku lochotsera, kapena kufuula chenjezo kwa aliyense, pakokha sikudathandize.

2. Za Liwu Lenilenilo

Liwu limene olemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito m'Chingelezi ndi deprecate. Lidachokera ku mneni wa Chilatini deprecari, amene tanthauzo lake ndi kupempha kuti choipa chipatuke. Pakati pa olemba mapulogalamu, chinthu chikatchedwa deprecated ndiye kuti chilipobe ndipo chikugwirabe ntchito, koma eni pulogalamu alengeza kuti chisaloŵenso m'zolemba zatsopano. Sichidathe ntchito, pakuti makina akuchimverabe. Sichidachotsedwe, pakuti wochifuna achipeza.

M'Chicheŵa tili ndi aneni aŵiri a msintho wochititsa ochokera ku tsinde limodzi, amene angatithandize kugwira tanthauzoli:

(1) Mwana waleka kuyamwa.
(2) Amayi aletsa mwana kuseŵera ndi moto.
(3) Amayi akuleketsa mwana kuyamwa.

Mneni -letsa adapangidwa kuchokera ku -leka mwa njira yomwe ija ya -tuluka ndi -tulutsa, -tsika ndi -tsitsa, -choka ndi -chotsa. Koma tanthauzo lake lidasendera kutali ndi tsinde, mwakuti lero limanena za lamulo logwira ntchito nthaŵi yomweyo, ngakhale pa chinthu chimene munthu sadayambe n'komwe. Mneni -leketsa, amene ali ndi -ets-, adakali pafupi ndi tsinde: amafuna kuti pakhale chizoloŵezi chimene chidalipo kale, ndipo amalola kuti ntchitoyo itenge nthaŵi. Pa chifukwa chimenechi m'nkhani ino tigwiritsa ntchito mawu akuti kuleketsa ndi choleketsedwa.

Tsono chinthu cha m'pulogalamu chingadutse masitepe anayi:

(4) a. chovomerezeka: aliyense angachigwiritse ntchito;
b. choleketsedwa: zakale zikhale, zatsopano zisabwere;
c. chotsekeredwa: makina amadandaula kapena kukana akachipeza;
d. chochotsedwa: sichipezekanso m'malemba.

Ntchito ya kalondolondo ili pakati pa (4b) ndi (4d), ndipo monga tiwonere, mtunda umenewu ungatenge zaka zambiri.

3. Linux ndi Nkhope Zake Ziŵiri

Linux ndi phata la dongosolo loyendetsa kompyuta, limene amisiri amalitcha kernel. Ndilo limagaŵa malo osungira zinthu, kuyendetsa zipangizo, ndi kupatsa mpata mapulogalamu ena kuti agwire ntchito. Linus Torvalds adaliyamba mu 1991 ali wophunzira pa University of Helsinki. Lero lili ndi mizere yoposa 30 miliyoni, yambiri mwa iyo yolembedwa m'chinenero cha C, ndipo limayendetsa mafoni a Android ndi makompyuta ambiri osunga zinthu za pa intaneti. Mtundu watsopano umatuluka pakapita milungu 9 kapena 10, ndipo uliwonse umakhala ndi ntchito ya anthu oposa 1,000. Wofuna kusintha kanthu amatumiza chigamba kwa woyang'anira chigawo chimene chakhudzidwa. Iyeyo akavomereza amachipereka kwa amene ali pamwamba pake, kufikira chitafika kwa Torvalds.

Kuti timvetse za kuleketsa, tiyenera kusiyanitsa nkhope ziŵiri za Linux. Nkhope yoyamba idapenya kunja, kwa mapulogalamu a anthu wamba amene amadalira phatali. Kumeneku lamulo ndi lolimba: pulogalamu imene idali kugwira ntchito dzulo isaleke kugwira ntchito chifukwa chakuti phata lasintha. Zambiri za mbali imeneyi zimalembedwa m'malo otchedwa Documentation/ABI, amene adagaŵidwa panayi, stable, testing, obsolete ndi removed, ndiye kuti zokhazikika, zoyesedwa, zoyembekeza kuchotsedwa, ndi zochotsedwa kale. Nkhope yachiŵiri idapenya m'kati, kwa olemba phata eniake. Kumeneku kulibe lonjezo lakuti zinthu zidzakhala chikhalire. Chida chilichonse chingasinthidwe kapena kuchotsedwa, malinga wosinthayo akonzenso malo onse amene chidali kugwiritsidwa ntchito.

Kusiyana kumeneku kumachokera pa funso limodzi: kodi onse ogwiritsa ntchito chinthucho tingaŵapeze? A m'kati onse ali m'malemba amodzi, ndipo makina angaŵaŵerenge m'kamphindi. A kunja ali ponseponse, ndipo palibe amene akudziŵa chiŵerengero chawo. Nkhani ino ikhazikika kwambiri pa nkhope ya m'kati, koma tidzabwerera ku nkhope ya kunja tikamanena za ziyankhulo za anthu.

4. Njira Ziŵiri Zimene Zidalephera

Njira yoyamba idali ya kalendala. Kwa zaka zingapo m'malemba a Linux mudali fayilo yotchedwa feature-removal-schedule.txt. Aliyense wofuna kuchotsa kanthu ankalemba m'menemo mayankho a mafunso anayi: chinthu chake n'chiyani, chidzachotsedwa liti, chifukwa chake n'chiyani, ndipo mwini nkhani ndani. Pakuwoneka kwake dongosololi lidali labwino, pakuti zonse zidali pamalo amodzi. Koma mavuto adabwera motere. Poyamba, popeza fayilo idali imodzi ndipo oilemba adali ambiri, zigamba zochokera ku zigawo zosiyanasiyana zinkawombana m'menemo pa nthaŵi yoziphatikiza. Chachiŵiri, masiku olembedwa ankafika n'kupitirira zinthu zija zili pomwepo, mwakuti tsiku lolembedwa lidasanduka chikhumbo chabe cha wolemba. Chachitatu, anthu amene kuchotsako kukadaŵapweteka sindiwo ankaŵerenga fayiloyo; ankadzadziŵa za nkhaniyi zinthu zitawonongeka kale. Mu 2012 Torvalds adaichotsa fayiloyo, ndipo mu Linux 3.7 simudapezekenso.

Njira yachiŵiri idali ya chenjezo. Malemba a pulogalamu sagwira ntchito okha. Amayamba adutsa m'pulogalamu ina yotchedwa compiler, imene imaŵamasulira m'chinenero cha makina. Compiler ingathe kuchenjeza ikapeza chokayikitsa. Olemba Linux adali ndi chizindikiro chakuti __deprecated, chimene ankachiika pa chida choleketsedwa, kuti compiler izichenjeza paliponse pamene chidacho chaitanidwa. Koma chenjezoli linkawonekera kwa aliyense womasulira phata, ngakhale amene sadalembe mzere wolakwawo ndipo alibe mphamvu youkonza. Anthu adazoloŵera kuliwona likudutsa, monga m'mene wokhala pafupi ndi chigayo amalekera kumva phokoso lake. Choipa koposa n'chakuti machenjezo atsopano, onena za zolakwa zenizeni, ankamira m'kati mwa akale aja. Mu 2018 Torvalds adalizimitsa chenjezoli. Chizindikiro chidakalipo kuti maso a woŵerenga achiwone, koma compiler sinenanso kanthu za icho.

Njira ziŵirizi zidalakwa mofanana. Zonse zidali kulengeza kosaloza munthu. Yoyamba inkayankhula kwa amene sadali kumvetsera. Yachiŵiri inkayankhula kwa onse nthaŵi imodzi, ndipo aliyense ankayesa kuti wouzidwa ndi mnzake. Woleketsa ankawona ngati ntchito yake yatha pamene walengeza, chonsecho ntchito yeniyeni, yosintha malo mazanamazana, idali isadayambe.

5. Mndandanda wa 2018

Chaka chomwecho cha 2018, Kees Cook, mmodzi wa osamala za chitetezo cha phata, adawonjezera pa malangizo a olemba nawo fayilo yotchedwa Documentation/process/deprecated.rst. Chikalatachi chimayamba ndi kuvomereza vuto lenileni: chifukwa cha kukula kwa phata ndi kuchuluka kwa oyang'anira zigawo, n'kosatheka kusintha malo onse pa ulendo umodzi, ndipo pamene ena akuzula zakale, ena osadziŵa amakhala akubzala zatsopano za mtundu womwewo. Choncho ntchito yoyamba ya mndandanda ndi kutseka pakhomo poloŵera. M'mera mpoyamba: n'kwapafupi kubweza chigamba chisadaloŵe kusiyana ndi kudzachifunafuna patapita zaka.

Kamangidwe ka ndime zake n'kofanana. Mutu ndi dzina la chinthu choleketsedwa. Pansi pake pamabwera ngozi imene chimadzetsa. Kenaka choloŵa m'malo mwake, ndi kusiyana kumene wosintha ayenera kusamala nako. Tsiku lochotsera silimangidwa pa ndimezi monga zidalili m'fayilo yakale ija. Ndipo amene akuyankhulidwa ndi wodziŵika: ndi wolemba chigamba chatsopano, pamodzi ndi woyang'anira amene akuchiwunika, amene tsopano ali ndi poloza pokana chigambacho.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha zida zinayi zokopera mawu. M'chinenero cha C, mawu amasungidwa ngati mndandanda wa zilembo wotsekedwa ndi chizindikiro chapadera chotchedwa NUL, chimene chimagwira ntchito ngati mpumiro. Malo amene mawuwo akupita ali ndi malire ake, ndipo kuseri kwa malirewo kuli zinthu za eniake. Zida zinayizo zimachita motere:

(5) a. strcpy imakopera kufikira itapeza NUL, osalabadira kukula kwa malo; mawu akatalika imalemba pa zinthu za ena, ndipo apa ndi pamene othyola makompyuta amaloŵera;
b. strncpy imaima pa malire, koma mawu akatalika siika NUL, motero wodzaŵerenga pambuyo pake sadziŵa poima;
c. strlcpy imaima pa malire ndipo imaika NUL, koma imaŵerenga gwero lonse kuti inene utali wake, ndipo gwerolo likakhala lopanda NUL imaŵerenga mopitirira;
d. strscpy imaima pa malire, imaika NUL, siŵerenga zoposa zimene ikufuna, ndipo mawu akadulidwa imabweza chizindikiro cha vuto.

Mbiri ya strlcpy ndi yophunzitsa. Idayambira ku OpenBSD mu 1998, yopangidwa ndi Todd Miller ndi Theo de Raadt, monga mankhwala a matenda a (5a) ndi (5b). Linux idaitenga, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo idali yolimbikitsidwa. Mu 2015, mu Linux 4.3, mudaloŵa strscpy. Poilandira Torvalds adachenjeza kuti safuna mulu wa zigamba zongosintha dzina lakale ndi latsopano mosaganizira, pakuti zida ziŵirizi zimabweza mayankho osiyana, ndipo wosintha mwachimbulimbuli angabweretse cholakwa pamene padalibe. Strlcpy idalembedwa pa mndandanda wa zoleketsedwa, malo ake adasinthidwa amodzi ndi amodzi, ndipo idachotsedwa kotheratu mu Linux 6.8, mu 2024. Kuchokera pamene choloŵa m'malo chidafika kufikira pamene chakale chidachoka padapita zaka zoposa 8. Tiwonenso kuti mu 2023 glibc, nkhokwe ya zida imene mapulogalamu ambiri a pa Linux amadalira, idalandira strlcpy yomweyo kwa nthaŵi yoyamba. Choleketsedwa m'mudzi uno chidali chachilendo cholandiridwa m'mudzi woyandikana nawo. Kuleketsa ndi chiŵeruzo cha gulu limodzi malinga ndi zosoŵa zake. Si chilema chimene chinthu chimabadwa nacho.

Mndandanda pawokha sukadakwanitsa ntchitoyi popanda zida zitatu. Choyamba ndi checkpatch.pl, pulogalamu imene wolemba amayesera chigamba chake asadatumize. Imayang'ana mizere ya chigambacho, ndipo ikapezamo zina mwa zoleketsedwa imatchula choloŵa m'malo. Apa chenjezo likufika kwa munthu mmodzi, mwini mzerewo, pa nthaŵi imene angathe kuukonza. Chachiŵiri ndi Coccinelle, imene adapanga Julia Lawall ndi anzake. Imeneyi imafufuza kamangidwe ka malemba, osati zilembo chabe, ndipo imathandiza kupeza ndi kusintha malo akale. Chachitatu ndi compiler yomwe ija, koma tsopano yogwiritsidwa ntchito potsiriza. Pali mtundu wa mndandanda wa zinthu umene kukula kwake kumadziŵika pokhapokha pulogalamu ikuyenda, wotchedwa VLA. Olemba adayamba achotsa yonse, ndipo mu Linux 4.20, kumapeto kwa 2018, ndi pamene chenjezo la compiler lidayatsidwa. Chimodzimodzinso ndi chizoloŵezi cholola kuti makina adutse kuchoka pa nthambi imodzi ya chisankho kugwera pa inzake popanda wolemba kunena kuti wachita dala: Gustavo A. R. Silva ndi ena adakonza malo ake, ndipo chenjezo lidayatsidwa mu Linux 5.3, mu 2019. Kusiyana kwake ndi __deprecated kuli pa nthaŵi. Chenjezo loyatsidwa malo akale atatha limalira pokhapokha wina akabweretsa chatsopano, ndipo aliyense amadziŵa kuti walakwa ndani.

6. Machitidwe a Python

Python ndi chinenero cholembera mapulogalamu, ndipo pafupifupi zonse zimene chili nazo zidapenya kunja, kwa anthu amene eni chinenero saŵadziŵa. Njira ya Linux, yakuti woleketsa akonze yekha malo onse, siingatheke kumeneku. Chotsala ndi kupereka nthaŵi. Chikalata chotchedwa PEP 387 chimalamula kuti chinthu chisachotsedwe chisadakhale ndi chenjezo kwa mitundu iŵiri ya Python kapena kuposerapo. Popeza mtundu watsopano umatuluka kamodzi pa chaka, imeneyi ndi nthaŵi yosachepera zaka ziŵiri. M'mabuku ofotokoza chinenerochi, chinthu choleketsedwa chimalembedwa mtundu umene chidaleketsedwera, ndipo nthaŵi zina umene chidzachotsedwere.

Vuto la chenjezo lidafikanso kumeneku. Kuyambira mu Python 2.7 ndi 3.2, chenjezo lotchedwa DeprecationWarning lidabisidwa, chifukwa linkasautsa ogwiritsa ntchito mapulogalamu amene sakadatha kuchitapo kanthu. Koma litabisidwa, olemba eniake nawonso adaleka kuliwona. Mu Python 3.7, mu 2018, lidabwezedwa pang'ono, kuti liziwonekera pamene choleketsedwa chaitanidwa m'fayilo yeniyeni imene munthu akuyendetsa. Funso ndi lomwe lija la m'chigawo 4: chenjezo lifike kwa yani?

Zitsanzo ziŵiri zikuwonetsa kutalika kwa ulendowu. Mu 2022, mu Python 3.11, zigawo zakale zingapo zidaleketsedwa motsata PEP 594, ndipo 19 mwa izo, monga cgi ndi telnetlib, zidachotsedwa mu Python 3.13 mu 2024. Apa kalendala idasungidwa. Koma padalinso maina aŵiri a chida chimodzi choyesera mapulogalamu, assertEqual ndi assertEquals, osiyana ndi chilembo chimodzi chokha. Lachiŵirili lidaleketsedwa mu Python 3.2, mu 2011. Lidachotsedwa pamene Python 3.11 idali kukonzedwa, koma lidabwezedwa zitawoneka kuti mapulogalamu ambiri akulidalirabe, ndipo lidachoka kwenikweni mu Python 3.12, mu 2023. Dzina lopanda vuto lililonse kupatula kukhala ndi lofanana nalo lidatenga zaka 12. Mu 2023 momwemo PEP 387 idawonjezera gawo la kuleketsa kofeŵa: chinthu chimalembedwa kuti chisaloŵe m'zatsopano, koma sichikhala ndi chenjezo kapena tsiku lochotsera. Uku ndi kuvomereza kuti zinthu zina zidzakhala pa sitepe (4b) mpaka kalekale.

7. Pamene Choleketsedwa Ndi Liwu Kapena Chilembo

Pali zitsanzo zina zimene zili pafupi kwambiri ndi ntchito yathu. Mu 2020 malangizo a kalembedwe ka Linux adawonjezeredwa ndime yopempha olemba kuti apeŵe mawu akuti master ndi slave, ndiponso blacklist ndi whitelist, m'maina ndi m'zofotokoza zatsopano. Ndimeyi ili ndi kamangidwe komwe kaja: imakhudza zatsopano, imapereka mawu oloŵa m'malo monga primary ndi secondary, kapena denylist ndi allowlist, ndipo imapatula malo amene mawu akalewo ali mbali ya lonjezo la kwa a kunja, kapena amene chikalata chofotokoza chipangizo chimaŵafuna. Ngakhale pa nkhani yokhudza mtima ngati imeneyi, malire a nkhope ziŵiri zija sadasunthe.

Chitsanzo china chikuchokera ku Unicode, dongosolo limene limapatsa chilembo chilichonse nambala yake m'kompyuta. Lamulo lake ndi lakuti chilembo chikapatsidwa nambala sichichotsedwanso, pakuti palibe amene angapeze zolembedwa zonse za pa dziko lapansi kuti azikonze. M'Chiafrikaans muli kaliwu kolembedwa 'n, ndipo Unicode ili ndi chilembo chimodzi choimira zizindikiro ziŵirizi pamodzi, pa nambala U+0149. Mu 2009, mu Unicode 5.2, chilembochi chidaleketsedwa, ndipo olemba adalangizidwa kulemba zizindikiro ziŵirizo padera. Chilembocho chidakalipo ndipo chidzakhalapobe. Kumeneku sitepe (4d) kulibe.

Kalembedwe ka ziyankhulo zathu kali m'gulu lomweli. Ku Malaŵi, Bungwe la Chicheŵa lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndipo adakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Mabuku akale a Chinyanja amalemba cifukwa ndi nchito pamene kalembedwe kovomerezeka ku Malaŵi kali chifukwa ndi ntchito, ndipo ku Zambia kalembedwe ka c kadakalipo. Taonani kuti zilembo ch zili ndi ntchito ziŵiri: m'kalembedwe ka c zimaimira liwu lokhala ndi mpweya, limene ku Malaŵi limalembedwa tch, pamene m'kalembedwe ka ku Malaŵi zimaimira liwu lopanda mpweya. Wosamutsa buku lakale mwa kungouza makina kuti paliponse pali c aike ch adzakonza cifukwa koma adzawononga nchito. Imeneyi ndi ngozi yomwe ija Torvalds adachenjeza pa strscpy: choloŵa m'malo sichifanana ndi chakale mbali zonse, ndipo malangizo abwino ayenera kunena pamene pali kusiyana.

8. Mathero

Kufanana kumene tawonetsa kuli ndi malire ake. Pakamwa pa munthu palibe compiler, ndipo bungwe la chiyankhulo silingaŵerenge onse ogwiritsa ntchito liwu monga m'mene olemba Linux adaŵerengera malo a strlcpy. Chiyankhulo chonse chidapenya kunja. Motero chimene bungwe lingachite pa liwu kapena pa kalembedwe ndi kuleketsa. Kuchotsa kuli m'manja mwa eni chiyankhulo ndi nthaŵi.

Komabe pali zitatu zimene okonza malamulo a kalembedwe ndi mawu atsopano a maphunziro angatolepo. Choyamba, lamulo latsopano lisamangopereka chovomerezeka chokha. Lizisunga kaundula wa zoleketsedwa, chilichonse ndi chaka chake, chifukwa chake ndi choloŵa m'malo, kuti woŵerenga buku lakale adziŵe chimene akuwona. Chachiŵiri, lamulo lizinena poyera kuti likukhudza zolembedwa zatsopano, ndipo lizitchula zopatulidwa, monga maina a anthu, maina a malo ndi mawu ogwidwa m'mabuku akale. Chachitatu, chikumbutso chizifika kwa wolemba pa nthaŵi yolemba, kudzera mwa mkonzi, mphunzitsi, kapena pulogalamu yowongola kalembedwe, pakuti chilengezo cha pa wailesi chimafanana ndi chenjezo lija lidazimitsidwa mu 2018. Ngati gulu limene lili ndi malemba ake onse m'manja, pamodzi ndi makina oŵaŵerengera, lidatenga zaka zoposa 8 kuti lichotse chida chimodzi, wokonza kalembedwe ka chiyankhulo cha anthu mamiliyoni ayenera kuyembekeza kuti zakale ndi zatsopano zidzayendera limodzi kwa mibadwo ingapo, ndipo malamulo ake alembedwe moganizira zimenezo.